Mphini za m'nthiti mwa Yosofati

Ana anga, mwakhala mukundifunsa, ena mwa inu mochita kuseka, kuti zinatheka bwanji munthu kugwira upolisi mpaka kumera imvi n'kupuma ali ndi mizere iwiri yokha pamkono, chikhalirecho anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kukulunga mapatisi m'miyendo anafika poyendera galimoto. Mayi anu amakuyankhani kuti ndinali wapakamwa. Sakunama, pakamwa ndili napo mpaka lero. Koma si pakamwa pokha ayi. Ndatopa nako kuyankha mwachidule, ndiye ndakhala pansi kuti ndilembe maso asanatheretu. Dzina la polisi imene izi zinachitikira sindilitchula, ngakhalenso la esiteti, chifukwa ana a anthuwo akadalipo ndipo ena mumagundana nawo mapewa pamsika.

1951

Nditamaliza maphunziro ku Zomba ananditumiza konkuno kwathu, pa kapolisi kena m'mbali mwa msewu wa ku Fort Manning, kumene inu mukuti ku Mchinji. Ndinafika nditanyada, kabudula ali gwa ndi sitachi, mumtima ndikuti ndizigwira mbava zoopsa. Mbava zake ziti! Ntchito yathu inali kuthamangitsa othawa msonkho ndi anthu amene sanaunde mizere m'minda monga mmene alangizi ankafunira. Unkalowa m'mudzi n'kupeza amuna onse athawira kudambo, kwatsala amayi ndi agalu, ndipo onsewo akukuyang'ana mofanana. Zipangizo ndiye musanene. Unyolo unalipo umodzi, kiyi wake anatayika ine ndisanafike, tinkautsekula ndi msomali. Njinga zinalipo ziwiri, ina yopanda mabuleki, moti potsetsereka unkaima ndi jombo. Chitokosi chinali kanyumba ka zidina ka chitseko cha malata, kotentha ngati uvuni wa njerwa.

Sajeni wathu anali munthu wa dzanja lolemera. Ndisanathe chaka pamalopo, mdala wina wa msonkho anafera m'chitokosi muja. Kulira kwake tinakumva tonse, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndipo tonse tinkadziwa amene anali naye m'katimo. Bwana anabwera kuchokera ku boma, anadzitsekera mu ofesi ndi sajeniyo, atatuluka anauza abale a malemu kuti chinali chibayo. Sabata isanathe sajeni uja anakwera lole, mbuzi zake, makina osokera a mkazi wake, ulendo wa kumpoto kukayamba ntchito pa polisi ina. Ife palibe amene anatifunsa kanthu. Nditadandaula kwa wapolisi wina wachikulire, anangondisisita paphewa n'kunena kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, mphwanga. Ndinaphunzira chaka chimenecho kuti wapolisi saweruzidwa, amasamutsidwa, ndipo zinandinyansa.

1955

Anandipatsa ukopolo n'kundisamutsira pa polisi yaing'ono kupitirira Nsaru, dera la fodya, kumene midzi yakale inazunguliridwa ndi maesiteti. Sajeni kunalibe, wamkulu ndinali ine, ndi anyamata anayi. Mmodzi mwa iwo anali Dafuleni, Mlomwe wa ku Mlanje, wamfupi, waphuma, wopukuta jombo mpaka kuonerapo nkhope. Ndinene mosabisa, sindinkamukonda. Ankafuna mzere pamkono monga mmene munthu wanjala amafunira chakudya, ndipo anthu a m'midzi ankawalankhula ngati ana. Komabe kunyumba kwake anali bambo wabwino. Madzulo unkamupeza atanyamula kamwana kake paphewa, akukaimbira nyimbo za kwawo.

Mwina simungamvetse mmene tinkatengera akaidi masiku amenewo, ndiye ndifotokoze. Galimoto inkabwera mwa apo ndi apo, unyolo unali wosowa. Munthu ukamugwira kumudzi unkamumanga chingwe m'chiuno, mbali inayo n'kumangirira kukaliyala ya njinga. Wapolisi wanzeru ankatsika n'kumakankha njinga, mkaidi akuyenda pambuyo, mwina mpaka kumacheza za mvula. Wapolisi waphuma ankakwera n'kumapalasa, mkaidi akuthamanga. Dafuleni ankapalasa. Ndinamukalipira mpaka pakamwa kuuma, iye n'kumangoti dzuwa silidikira, akopolo. Lamulo loletsa kunalibe, ndipo mabwana ankadziwa bwinobwino kuti timatero.

Bwana wathu anali mzungu wina wa ku boma amene tinkamutcha Bwana Fulumira, chifukwa akabwera kudzayendera sankazimitsa galimoto. Ankaima pakhomo, mwendo wina uli kale panja, kufunsa mafunso ake n'kunyamuka usanamalize kuyankha. Sanali wankhanza, anali wotopa ndi dziko lino ndipo ankafuna kuti tsiku lililonse lithe popanda phokoso. Loweruka ankamwa ndi eni maesiteti ku kalabu.

1957, nyengo yothyola fodya

Mvula ya chaka chimenecho inali yosaona nkhope. Mlatho wa pa msewu wa ku boma unakokoloka, tinatsala ngati pachilumba. M'masiku omwewo kunabwera uthenga kuchokera ku esiteti ina kuti mnyamata wina waganyu, dzina lake Yosofati, waba fodya m'chigafa n'kuthawira kwa mayi ake. Ndinatuma Dafuleni chifukwa ndiye anali pantchito tsikulo.

Anafika naye dzuwa litapendeka. Nditangomuona mnyamatayo ndinadziwa kuti sali bwino. Milomo inali itatuwa, anali atapindikira kumanzere, dzanja lili m'nthiti, mawondo ali matope okhaokha. Ndinamumasula ndekha, uku ndikumutukwana Dafuleni mawu amene sindingalembe muno. Pamalaya ake, mbali yomwe ankagwirayo, panali timadontho takuda tondondozana, ngati mwaye wosakanikirana ndi magazi ouma. Ndinationa koma maganizo anali pa kupuma kwake. Nditamufunsa kuti wamumenya ndani, anangoti madzi. Ndinamupatsa, phala anakana. Ndinatuma wapolisi wina kuchipatala cha mishoni kukaitana dokotala, koma anabwerera pamtsinje, madzi atadzaza mpaka m'mitengo. M'mawa kutacha tinamupeza Yosofati atatsamira khoma, atazizira kale.

Pofika masana bwalo lonse la polisi linali litadzaza. Anthu a 1957 sanali anthu a 1951. Inali nthawi ya chitaganya, mitima inali itatupa kale ndi msonkho ndi malimidwe, ndipo tsopano anali ndi chifukwa chogwirika. Ambiri anali ataona ndi maso awo. Anaona Dafuleni akumuwaza mbama mnyamatayo pakhomo pa mayi ake, anamuona akupalasa, anamuona akumukankha ndi jombo atagwa pokwera chitunda. Thupi analitenga osatipempha, mawa lake n'kuika. Dokotala wa boma sanalione, ndipo msewu utatseguka boma linaopa kufukula. Manda a kumeneko ndi malo a gule wamkulu, kukumba mmenemo kukanakhala kuponya moto paudzu wouma.

Bwana Fulumira atafika anazimitsa galimoto. Apo ndinadziwa kuti zavuta. Ine ndinkayembekeza lole yosamutsa munthu, monga kale. Koma ulendo uno boma linali ndi mantha, linkafuna kuonetsa anthu kuti likumva. Dafuleni anamuvula lamba ndi chipewa pamaso pa gulu, anamuveka unyolo wa pa polisi pathu pomwe, n'kumuuza kuti akayankha mlandu wakupha munthu. Masiku amenewo mlandu wotero mathero ake anali amodzi, kunyongedwa ku Zomba. Ife bwana anatiuza kuti aliyense anene za chingwe, za njinga ndi za mbama, basi. Nditatchula za timadontho takuda tija anandifunsa ngati ndinaphunzira udokotala. Anawonjeza kuti dzina la esiteti lisamveke pakamwa pa wapolisi aliyense, chifukwa eni ake ndi odandaula, si oimbidwa mlandu.

Ndinakamuona Dafuleni kundende ya ku boma. Anali ataonda, phuma lonse litatha, mapazi opanda jombo akuoneka ang'onoang'ono. Anzake onse anali atamutaya, ngakhale amene ankadya naye.

"Akopolo, ndinamumenya, sindikukana," anatero. "Ndinamuthamangitsa. Koma kodi munthu wamphamvu ngati uja amafa ndi mbama?"

Anandipempha kuti ndiziyang'anira mkazi wake ndi ana, ndipo kuti akadzamunyonga ndidzawakweze basi ya ku Mlanje. Pobwerera ndinapalasa njinga ngati ndanyamula thumba la chimanga kumsana. Zaka zija anabisa munthu osafunsa kuti mdala uja anafa bwanji. Tsopano ankataya munthu, osafunsanso. Ine zonse ziwirizo zinkandinunkhira chimodzimodzi.

1957, chilimwe

Bondo langa ili, lomwe likundisautsa mpaka lero, linayamba kutupa chaka chimenecho. Mayi anu anaitana mayi wina wodziwa mankhwala, ananditema mphini ndi lumo pamalo otupawo, anapakapo mankhwala otentha akuda n'kumanga kansalu. Mawa lake pomasula ndinayang'anitsitsa kansalu kaja. Pakansalupo panali timadontho takuda tondondozana, tofanana ndendende ndi tija ta pamalaya a Yosofati. Ndiye kuti mnyamata uja anali ndi mphini zatsopano m'nthiti Dafuleni asanamugwire. Munthu amatemedwa pamene pakupweteka. Koma ndinkadziwanso kuti mphini zina ndi zokhwimira, ndipo loya wa boma akanangoti mbala inatemera kuti isagwidwe. Pankafunika munthu amene analiona thupilo lili lovula.

Ku boma anali ataitana mboni zambiri, amuna a m'mudzimo, ena achibale, ndipo onse ankati thupi analiona. Sankanama, nkhope anaiona. Koma inu mukudziwa kuti kwathu kuno wachibale sasambitsa maliro ake. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu a pamaliro, anthu a mudzi wina amene amasambitsa, kukulunga ndi kukumba. Mkulu wa adzukulu amene anaika Yosofati anali a Khombe, mdala woluka mphasa wa tsidya lina la dambo. Ndinawapeza akung'amba bango. Monga mwa khalidwe la adzukulu anayamba ndi kundiseka, amvekere kodi boma lasiya kulipira kuti wapolisi azifuna ntchito yokumba manda, nanga ndi mimba imeneyi mudzatuluka bwanji m'dzenje. Nditafotokoza chomwe ndadzera, kuseka kunatha. Anandiuza kuti zimene manja aona posambitsa zimapita ndi madzi amene amatayidwa, mdzukulu sazinena kwa mkazi wake, nanji kwa mzungu. Ndinawauza kuti pali munthu amene anyongedwe. Anati akudziwa, ndipo tulo sakupeza, koma pakamwa pawo pangatsekulidwe ndi mwini maliro yekha.

Mwini maliro anayenera kukhala mtsibweni wa Yosofati, koma ameneyo anali mtchona ku Halale. Mawu onse anali ndi mayi ake a malemu, a Nambewe. Ana anga, ndakumanapo ndi anthu onyamula nkhwangwa, ndalowapo m'nyumba muli wamisala, koma ulendo umene ndinauopa kwambiri pa ntchito yanga yonse ndi umenewu. Ndinavula yunifolomu, njinga ndinaisiya kutali kuti asaione. Ndinawapeza pakhonde akuthothola mtedza, mayi wochepa thupi, tsitsi likungoyamba kumera chimetereni cha maliro. Ndinakhala pansi, pafumbi. Tsiku limenelo ngakhale moni sanandiyankhe, ndinakhala mpaka miyendo kuchita dzanzi n'kubwerera. Nditapitanso analankhula osandiyang'ana.

"Mwadzera moyo wa amene anakoka mwana wanga ngati mbuzi, eti?"

"Ndadzera kuti jaji amve zonse, mayi. Akamva zonse n'kumunyongabe, ine ndilibe mawu."

"Zonse," anatero, n'kuponya mtedza m'lichero. "Ku boma anaitana amuna okhaokha. Ine amene ndinali pakhomo pano palibe anandifunsa."

Kenaka anandiuza. Yosofati anafika kunyumba chokwawa, kutatsala masiku angapo kuti wapolisi abwere. Kapitawo wa pa esiteti ndi alonda ake anali atamutsekera m'chigafa n'kumumenya ndi mikangala, mitengo ija yoyanikira fodya. Nthiti za kumanzere zinatupa n'kuda. Mphini anatema mayiwo okha ndi manja awo. Sananene kwa aliyense chifukwa mwana wawo wamkazi ndi mkamwini ankadyera pa esiteti yomweyo, komanso chifukwa kwa iwo nkhaniyo inali yosavuta. Kwa kapitawo mwana anachokako ali moyo, koma atachoka ndi wapolisi sanabwerenso. Ndinawafunsa ngati analankhulapo ndi Dafuleni tsiku lija. Anati zimenezo ndikamvera konko pamodzi ndi jaji. Apo ndinadziwa kuti pakamwa pamene ndikutsekulapa pakhoza kumupulumutsa Dafuleni, pakhozanso kumumaliza.

"A Khombe akanene," anatero a Nambewe. "Koma inenso ndikanena, ndipo wanuyo akandiyang'ane. Tsono mukamuchotsa chingwe m'khosi ndi pakamwa panga, mudzandibweretsere winayo, wa mkangala."

Ndinawauza kuti ndiyesetsa. Anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo, nthawi yaitali, n'kubwerera ku mtedza wawo.

Nkhani siigona. Sabata yomweyo Bwana Fulumira anandiitanitsa ku boma. Sanakalipe. Anatsekula kabati, n'kundionetsa mizere itatu ya usajeni, yatsopano, n'kunena kuti dzina langa linali litapita kale ku Zomba. Anati mlanduwu ndi wowongoka, anthu akufuna kuona chilungamo, ndiye ndichifukwa chiyani wapolisi akuyenda m'midzi kufunira mboni munthu amene boma likumuzenga. Anati ndikabweretsa mayiyo ndiputa eni maesiteti, anthu a m'mudzi adzati apolisi atetezana, ndipo iye sadzatha kunditchinjiriza mbali zonse ziwiri. Mfundo yake inali yoona, sindinganame. Mizere ija ndinaiyang'ana ndithu, mayi anu anali oyembekezera iwe wachitatu, nyumba ikudontha. Koma pakamwa paja panandipitirira. Ndinamuuza kuti ndili mnyamata ndinaona boma likubisa wapolisi wopha munthu, lero ndikuona likutaya wapolisi osamumva, ndipo ine ndatopa kunyamula zonse ziwiri. Ndinati Dafuleni sindimukonda, koma ngati akukafa akafe jaji atamva zonse. Anatseka kabatiyo mwakachetechete n'kundiuza kuti ndikhoza kupita.

Bwalo lalikulu linabwera ku Lilongwe chakumapeto kwa chilimwe, kutentha kuli pachimake. Panali jaji wachizungu ndi madoda atatu omuthandiza, womasulira ataima pambali. Loya wa Dafuleni anafika dzulo lake kuchokera ku Blantyre, nkhope ya munthu amene ankamuimira anaiona m'mawa womwewo. Ndinamugwira pakhonde ndi kumuuza kuti ndabwera ndi anthu awiri. Anandiyang'ana ngati ndagwa kuchokera kumwamba, kenaka anapempha jaji kuti amudikire pang'ono.

Mboni za boma zinanena za mbama, za njinga ndi za jombo, ndipo zonse zinali zoona. Inenso ndinanena zomwezo, kuwonjezapo timadontho takuda. Kenaka analowa a Khombe, atavala jekete yobwereka. Asanalumbire anatembenukira kwa a Nambewe, mayiwo n'kugwedeza mutu, ndipo apo m'pamene analankhula. Anati m'chiuno munali mkwingwirima wa chingwe, mawondo anali onyuka, zimenezo zinali za dzulo lake. Koma m'nthiti za kumanzere munali mikwingwirima italiitali yodutsana, yakuda kale, nthiti zina zikuyenda pansi pa dzanja, ndipo pamwamba pake panali mphini zoyamba kuuma. Loya wa boma anati mwina zinali zokhwimira. A Khombe anayankha kuti asambitsa anthu ambiri okhwima, koma sanaonepo wotemera pamwamba pa chotupa. Madoda atatu aja anagwedeza mitu.

A Nambewe atalowa m'bokosi, mutu wawo wokha ndi umene unkaoneka. Anafotokoza za kukwawa kuja, za mikangala, anamutchula kapitawo dzina. Anati mphini ndinatema ndine. M'bwalo munamveka kung'ung'udza, anthu a kumudzi kwawo ena anatuluka mokwiya. Ine ndinayamba kupuma bwino. Koma mayiwo anali asanamalize. Anatembenukira kwa Dafuleni, osadikira funso.

"Iwe, dzutsa mutu. Ndinakugwadira kapena sindinakugwadire?"

"Munandigwadira, mayi."

"Ndinati chiyani?"

"Munati mwanayu akudwala, ndimusiye agone, mudzabwera naye nokha akapeza bwino."

"Ndinakwezanso malaya ake kuti uone. Unaona?"

Womasulira ndi jaji anatembenukira kwa Dafuleni. Loya wake anaimirira kuti aletse, koma iye anayankha asanamalize kuimirira.

"Ndinaona, mayi. Ndinati akunamizira."

Analira pamenepo, bambo wamkulu, mamina ali chuchuchu. A Nambewe sanalire. Anauza womasulira kuti amaliza, n'kutsika okha.

Chigamulo chinabwera mawa lake. Jaji anati chimene chinaswa m'kati mwa Yosofati si dzanja la Dafuleni, ndipo Dafuleni sanafune kupha, choncho chingwe ayi. Koma anati munthu amene waonetsedwa bala n'kumangirira mwini balalo kunjinga wafulumizitsa imfa, ndipo ayenera kulipira. Anamupatsa zaka zisanu ndi ziwiri akugwira ntchito yakalavulagaga. Za kapitawo anati umenewo ndi mlandu wina, apolisi aufufuze. Ine ndinaona kuti chigamulocho chinali cholungama, ndipo mpaka lero ndikutero. Koma palibe amene anatuluka m'bwalomo akusangalala. A kumudzi anati apolisi tatetezana. Apolisi anzanga anati ndamangitsa mnzathu ndi mboni yanga yomwe. Mkazi wa Dafuleni anandidutsa pakhonde osandipatsa moni, ndipo basi ya ku Mlanje anakwera yekha ndi ana.

1958

Za Dafuleni ndidumphe zaka: anatsiriza zaka zake n'kutuluka. Anakhala mlimi kwawo, anabereka ana ena, anamwalira ndi ukalamba pamphasa pake. Tinakumanapo kamodzi pa depoti ku Limbe, tonse tili ndi imvi. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, nthawi yaitali, koma za mlandu sitinatchule.

Za kapitawo ndinayesetsa monga ndinalonjezera. Ndinapempha chilolezo choti ndikamugwire, Bwana Fulumira anati thupi linaikidwa, dokotala sanalione, umboni palibe. Ndinati umboni womwewo unakwanira kumanga Dafuleni. Anati ndisamuphunzitse ntchito. Alonda amene anamenya nawo anali atabalalika, mkamwini wa a Nambewe anachotsedwa pa esiteti, ndipo anthu ena onse anali oti sanaone kanthu. Kapitawoyo ankadutsa pamaso pa polisi pathu tsiku lililonse la msika, pa njinga yatsopano, n'kumandivulira chipewa.

A Nambewe nawo ankabwera tsiku la msika. Sankalowa mu ofesi, ankakhala pansi pa mtengo wa mthethe umene unali pabwalo, kadengu kali pambali, mpaka ine nditatuluka. Akandiona ankapereka moni mwaulemu wonse, kufunsa za bondo, za mayi anu ndi za khanda, kenaka n'kufunsa kuti wa chingwe anamuona, nanga wa mkangala ndibwera naye liti. Ndinkayankha kuti nkhani ili kwa mabwana. Ankati zikomo, n'kunyamula kadengu kawo. Ndikuuzeni zoona, ndinafika pomaliopa tsiku la msika.

Mvula isanagwe kalata yosamutsa inafika. Ananditumiza kuchigwa cha Shire, ku udzudzu, ndi mizere yanga iwiri, ndipo yachitatuyo sindinaionenso mpaka kupuma. Inali lole yonga yomwe ija inanyamula sajeni wa dzanja lolemera. Tsiku lonyamuka linali la msika. Tikukweza mipando ndi mitondo, iwe wachitatu uli kumsana kwa mayi ako, ndinawaona a Nambewe atakhala pamalo pawo. Ndinapita kukawatsanzika, ndinagwada, n'kuwauza kuti ndalephera, andichotsa. Sanadabwe, sanandikalipire. Anatulutsa mtedza m'kadengu n'kundipatsa kuti ana azikadya m'njira. Kenaka analoza mnyamata wa mizere iwiri amene anali ataima pakhomo pa ofesi, wobwera kudzalowa m'malo mwanga.

"Ameneyo ndiye kopolo watsopano, eti? Mundiuze dzina lake, kuti ndizidzadziwa womufunsa."